Kompyuta Ikakana Kulowa mu Domeni ya ku Ofesi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi domeni ndi chiyani, ndipo kulowetsamo kompyuta kumasintha chiyani?

Domeni ndi gulu la makompyuta, maakaunti a antchito ndi zipangizo zina monga mapulinta, zimene zimayang'aniridwa kuchokera pamalo amodzi. M'maofesi ogwiritsa ntchito Windows, kaundula wa zonsezi amatchedwa Active Directory, ndipo kampani ya Microsoft inamutulutsa pamodzi ndi Windows 2000 Server m'chaka cha 2000. Seva yosunga kaundulayu ndi domain controller, imene a IT amangoitchula mwachidule kuti DC.

Kompyuta imene siili mu domeni imakhala mu workgroup, ndipo imadzisungira yokha mayina ndi mapasiwedi a anthu oigwiritsa ntchito. Ikalowa mu domeni, imasiya kudziweruzira yokha. Wantchito akalemba dzina ndi pasiwedi, kompyutayo imakafunsa kwa DC ngati munthuyo ndi wodziwika. Imayambanso kulandira malamulo a ofesi kudzera mu Group Policy, monga kutalika kwa pasiwedi, mafoda a pa seva amene munthu angatsegule, ndi mapulogalamu oletsedwa.

Chimene ambiri sadziwa n'choti kompyutayo imakhala ndi akaunti yakeyake mu Active Directory, yosiyana ndi ya munthu woigwiritsa ntchito. Dzina la akauntiyo ndi dzina la kompyuta lotsatiridwa ndi chizindikiro cha $, ndipo ili ndi pasiwedi yake imene kompyuta imadzipangira n'kumaisintha yokha masiku 30 alionse. Mavuto angapo amene afotokozedwe kutsogoloku amachokera pa akaunti imeneyi.

Kodi chimachitika n'chiyani munthu akalemba dzina la domeni n'kudina OK?

Pamachitika zinthu zingapo motsatizana. Choyamba, kompyuta imafunsa seva ya DNS kuti DC wa domeniyo ali kuti. Ikapatsidwa adiresi, imatumiza kauthenga kakafupi ka LDAP pa port 389 kuti ione ngati DC-yo akuyankha. Akayankha, m'pamene pa sikirini pamabwera kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi. DC akavomereza munthuyo, amapanga akaunti ya kompyuta, kapena amagwiritsa ntchito imene inapangidwa kale. Kenaka kompyuta imaika gulu la Domain Admins pakati pa oyang'anira ake, n'kupempha kuti iyambitsidwenso.

Ndondomeko imeneyi ndiyo njira yofufuzira vuto. Ngati kabokosi ka pasiwedi sikanaoneke n'komwe, palibe chifukwa chokayikira pasiwedi kapena chilolezo cha munthu, pakuti kompyuta sinafike n'kwa DC komwe. Vuto lili pa netiweki kapena pa DNS. Ngati kabokosiko kanaoneka koma zinthu n'kukanika pambuyo pake, DC wapezeka, ndipo chokayikitsa chimakhala wotchi, chilolezo, dzina la kompyuta kapena port yotsekedwa. Katswiri wodziwa ntchito amayamba wafunsa kuti zaima pati asanakhudze chilichonse.

Nanga ngati pamalo olembapo domeni pali potuwa, sipakulembeka?

Kawirikawiri chifukwa chake ndi mtundu wa Windows. Windows 10 Home ndi Windows 11 Home sizilowa mu domeni ya Active Directory, ndipo palibe chinyengo chozembera zimenezi. Zimene zimalowa ndi Pro, Enterprise ndi Education. Malaputopu ambiri ogulidwa m'sitolo, ndi ena ogwiritsidwapo kale ntchito, amabwera ndi Home, choncho ofesi ikagula laputopu mofulumira vutoli limatulukira tsiku loyamba lomwe. Komandi ya winver imaonetsa mtundu wake. Yankho ndi kugula laisensi ya Pro n'kukweza Windows, zomwe sizifufuta mafayilo. Kompyuta imene ili mu S mode nayo iyenera kutulutsidwamo kaye.

Munthu amene akulowetsa kompyutayo ayeneranso kukhala administrator pa kompyuta yomweyo. Pali chinanso chosokoneza: mu Settings, pa Access work or school, munthu akalemba imelo ya kuntchito m'bokosi loyamba, kompyuta imalumikizidwa ku Microsoft Entra ID, imene mpaka 2023 inkatchedwa Azure Active Directory. Dzina lakalelo ndi lofanana ndi la Active Directory koma zinthu zake n'zosiyana. Entra ID ili pa intaneti, pamene Active Directory ili pa seva ya ofesi. Wofuna domeni ya ofesi ayenera kusankha mawu a m'munsi onena za local Active Directory domain, kapena atsegule sysdm.cpl n'kudina Change.

Uthenga ukamati DC "could not be contacted", vuto limakhala pati?

Nthawi zambiri limakhala pa DNS. Uthengawu umabwera ndi nambala 0x54b, imene ndi 1355 m'manambala a masiku onse, ndipo tanthauzo lake n'loti domeniyo kulibe kapena sikufikika.

Kompyuta siidziwa DC mwa dzina. Imafunsa DNS za malekodi apadera otchedwa SRV, amene amanena kuti seva yakuti ndiyo imagwira ntchito yakuti. Ngati domeni ndi ofesi.example.com, kompyuta imafunsa za _ldap._tcp.dc._msdcs.ofesi.example.com. Malekodi amenewa amalembedwa ndi DC mwiniwake m'seva ya DNS ya mkati mwa ofesi, imene m'maofesi ang'onoang'ono imakhala pa DC pomwepo. Kunja kwa ofesi palibe amene amawadziwa. Kompyuta imene ikufunsa kwa 8.8.8.8 wa Google, kwa 1.1.1.1 wa Cloudflare, kapena kwa rauta ya kampani yopereka intaneti, ili ngati mlendo wofunsa nyumba ya mfumu kwa munthu wa m'mudzi wina: wofunsidwayo sanama akamati sakuidziwa, koma nyumbayo ilipo.

Kufufuza kumayamba ndi ipconfig /all. Pali mizere iwiri yofunika kuiyang'anitsitsa. Wa IPv4 Address ukaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyuta sinalandire adiresi kuchokera ku DHCP ndipo yangodzipatsa yokha. Apa chokayikitsa ndi kebulo, soketi ya pakhoma, switch kapena seva ya DHCP. Mzere wa DNS Servers uyenera kuonetsa adiresi ya DNS ya mkati. Ukaonetsa adiresi ya rauta, monga 192.168.1.1, pamene DC ali pa 192.168.1.10, gwero la vuto lapezeka.

Zikakonzedwa, komandi ya ipconfig /flushdns imachotsa mayankho akale amene kompyuta inasunga, kuphatikizapo yankho loti dzinalo kulibe. Kenaka nslookup -type=SRV _ldap._tcp.dc._msdcs.ofesi.example.com iyenera kutchula dzina la DC ndi port 389. Komandi ya nltest /dsgetdc:ofesi.example.com imapita patsogolo pang'ono, chifukwa imayesa kufunafuna DC monga mmene Windows imachitira polowa mu domeni.

Koma intaneti ikuyenda, ping ikuyankhanso. Zingakhale bwanji DNS?

Zonse ziwirizi sizitsimikizira kanthu. Intaneti imayenda ndi DNS iliyonse, ya mkati kapena ya kunja. Ping ya ku adiresi ya manambala siifunsa DNS n'komwe. Imangoonetsa kuti njira ya ku seva ilipo. Ngakhale ping ya ku dzina la domeni ikhoza kunamiza, makamaka ngati ofesi inapatsa domeni yake dzina lofanana ndi la webusaiti yake. Zikatero DNS ya kunja imayankha ndithu, koma imapereka adiresi ya seva ya webusaiti, imene siidziwa kanthu za Active Directory.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka chanzeru koma chimapweteka: kuika DNS ya mkati pamalo oyamba, 8.8.8.8 pamalo achiwiri, kuti seva ikagwa intaneti isaime. Windows siiona DNS yachiwiri ngati kofunsanso yoyamba ikanena kuti sikudziwa. Imapita kwa yachiwiri yoyamba ikangochedwa kuyankha, ndipo yachiwiriyo ikati dzinalo kulibe, Windows imakhulupirira. N'chifukwa chake kompyuta ina imalowa bwinobwino m'mawa, masana ina n'kukana, makonzedwe ali ofanana. Njira yoyenera ndi yoti makompyuta onse aloze ku DNS ya mkati yokha, ndipo seva ya DNS-yo ndiyo izitumiza mafunso a kunja kudzera mu forwarders.

Nthawi zina DNS yolakwikayo imabwera mozemba. Wina akabweretsa karauta kake n'kukalumikiza ku soketi ya pakhoma kuti Wi-Fi ifike ku ofesi yake, karautako kamayamba kugawa maadiresi ake, ndipo kompyuta imatenga yankho la amene wafulumira. Mzere wa DHCP Server mu ipconfig /all ndiwo umaulula zimenezi. Marauta ena amalengezanso DNS yawo kudzera mu IPv6, ndipo Windows imaifunsa isanafunse ya IPv4. Poyamba pa zotsatira za nslookup pamaoneka seva imene yayankha, choncho adiresi yachilendo ikaoneka pamenepo ndi yoyenera kuilondola. Kuzimitsa IPv6 kumabisa vutoli msanga, koma Microsoft siilimbikitsa zimenezo; chabwino ndi kukonza rautayo.

Kodi polemba domeni pafunika dzina lathunthu kapena lalifupi?

Lathunthu. Domeni iliyonse ili ndi mayina awiri: la DNS, monga ofesi.example.com, ndi lalifupi la NetBIOS, monga OFESI. Lalifupilo linachokera ku nthawi ya Windows NT, ndipo kulipeza kumadalira WINS kapena kufuula pa netiweki yonse, zimene sizidutsa pa rauta. Likhoza kugwira kompyuta ikakhala pa subnet imodzi ndi DC, n'kukana ikakhala ku nthambi ina. Choipa kwambiri n'choti nthawi zina limalowetsa kompyuta DNS ili yolakwika, mavuto n'kudzayamba mawa pamene Group Policy sikufika.

DNS ili bwino, DC akupezeka, koma zikukanikabe. Chatsala n'chiyani pa netiweki?

Ma port. Kulowa mu domeni kumafuna njira zingapo nthawi imodzi: 53 ya DNS, 88 ya Kerberos, 389 ya LDAP pa TCP ndi pa UDP pomwe, 445 ya SMB, 135 ya RPC, komanso ma port a RPC osinthasintha a pakati pa 49152 ndi 65535. Port 464 imagwira ntchito posintha mapasiwedi, 123 ndi ya nthawi. Firewall ikatseka imodzi mwa zimenezi, uthenga umasiyana malinga ndi imene yatsekedwa. Nambala 0x35, yonena kuti network path sinapezeke, imaloza kawirikawiri ku 445. Nambala 0x6ba, yonena kuti RPC server palibe, imaloza ku 135 kapena ku ma port apamwamba aja.

Mu PowerShell, Test-NetConnection dc1.ofesi.example.com -Port 445 imayesa port imodzi, ndipo mzere wa TcpTestSucceeded umayankha True kapena False. Komandiyi imayesa TCP yokha, choncho UDP 389 ikakhala yotsekedwa siingaonetse.

Malo amene zimenezi zimachitika kwambiri ndi atatu: Wi-Fi ya alendo, imene inapatulidwa dala kuti isafike ku maseva, VPN kapena firewall ya pakati pa likulu ndi nthambi, ndi antivirus yokhala ndi firewall yakeyake imene inabwera ndi laputopu. Pali vuto linanso la maofesi amene akadali ndi seva yakale kwambiri. Windows Server 2003 imadziwa SMB1 yokha, pamene Windows 10 kuyambira mu 2017 inasiya kubwera ndi SMB1 yoyatsidwa m'mitundu yake yambiri. Kuiyatsanso kumalowetsa kompyuta ndithu, koma SMB1 ndiyo njira imene pulogalamu yoononga ya WannaCry inafalikira chaka chomwecho. Seva yotereyi ndi yofunika kuisintha, osati kuinyengerera.

Kodi wotchi ya kompyuta ikukhudzana bwanji ndi zimenezi?

Active Directory imatsimikizira anthu ndi makompyuta kudzera mu Kerberos, njira imene inapangidwa ku Massachusetts Institute of Technology m'zaka za m'ma 1980. Matikiti a Kerberos amakhala ndi nthawi, kuti wina akawagwira panjira asadzawagwiritsenso ntchito pambuyo pake. Pa chifukwa chimenechi, wotchi ya kompyuta ndi ya DC siziyenera kusiyana kupitirira mphindi 5, pokhapokha ofesi itasintha malirewo. Zikasiyana kwambiri, kulowa kumakanika, kapena kumatheka koma mafoda a pa seva n'kumakana kutseguka.

Kerberos siiyang'ana nthawi imene ikuoneka pakona ya sikirini, imayang'ana UTC. Laputopu imene inaikidwa Windows n'kusiyidwa pa time zone ya ku America, wina n'kungokonza maola ndi dzanja kuti agwirizane ndi wotchi ya pakhoma, imaoneka yolondola koma yaphonya ndi maola ambiri. Ku Malawi ndi ku Zambia time zone yoyenera ndi UTC+02:00. Ndi bwino kukonza time zone kaye, maola pambuyo.

Kompyuta ya pa desiki imene imaiwala tsiku nthawi zonse magetsi akathima ili ndi batire lakutha pa motherboard, kabatire kozungulira ka CR2032. Kukasintha ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kompyuta ikalowa mu domeni imayamba kutenga nthawi kuchokera kwa DC, ndipo ma DC onse amatsatira mmodzi amene ali ndi udindo wa PDC emulator. Komandi ya w32tm /query /status imaonetsa kumene nthawi ikuchokera, w32tm /resync imaikakamiza kufunsanso. Nthawi zina wolakwa amakhala DC yemwe, makamaka akakhala virtual machine yotenga nthawi kuchokera ku seva imene ikuinyamula.

Kabokosi ka pasiwedi kaoneka, koma akukana. Kodi pafunika akaunti ya ndani?

Pafunika akaunti ya mu domeni, osati ya pa kompyutayo. Dzina lilembedwe ndi domeni yake, monga OFESI\dzina kapena dzina@ofesi.example.com. Nambala 0x52e imatanthauza kuti dzina kapena pasiwedi ndi yolakwika. Laputopu yatsopano ikakhala ndi kiyibodi yoikidwa pa chilankhulo china, zizindikiro monga @ ndi # zimasintha malo, ndipo popeza pasiwedi siioneka polemba, munthu amangobwereza mpaka akaunti itatsekedwa. Kuyesa zizindikirozo mu Notepad kumathetsa kukayikako.

Mwachikhazikitso, wantchito wamba aliyense wa mu domeni angathe kulowetsa makompyuta okwana 10. Malire amenewa amasungidwa pa ms-DS-MachineAccountQuota. Wa IT amene akugwiritsa ntchito akaunti wamba amayenda bwino mpaka kompyuta ya nambala 11, pamene amalandira 0x216d, yonena kuti wapitirira chiwerengero chololedwa. Maofesi ambiri osamala za chitetezo amaika malirewa pa 0, ndipo amachita bwino, chifukwa palibe chifukwa choti aliyense azilowetsa laputopu ya kunyumba mu domeni ya kuntchito. Njira yabwino si kukweza nambalayo kapena kugawira aliyense pasiwedi ya Domain Admin. Woyang'anira amapatsa gulu la a IT chilolezo chopanga maakaunti a makompyuta mu OU (Organizational Unit) imodzi kudzera mu Delegate Control, ndipo olandira chilolezo chotere sawerengedwa pa malire a 10 aja. Nambala 0x5, access denied, imasonyeza kuti chilolezocho chikusowa kapena n'chosakwanira.

Palinso 0x4c3, imene imadabwitsa ambiri. Imabwera ngati kompyuta yalumikizana kale ndi sevayo ndi dzina lina, mwachitsanzo wina anatsegula foda ya pa seva kuti akopere pulogalamu asanayambe kulowetsa. Windows siilola mayina awiri pa seva imodzi nthawi imodzi. Komandi ya net use * /delete, kapena kuyambitsanso kompyuta, kumachotsa chopingacho.

Uthenga woti akaunti ya dzina lomwelo ilipo kale umatanthauza chiyani?

Umabwera kwambiri kompyuta ikaikidwanso Windows n'kupatsidwa dzina lake lakale. Akaunti yakale imakhala ikadali mu Active Directory. Kale, munthu aliyense wokhala ndi chilolezo chokwanira pa akauntiyo ankangoigwiritsanso ntchito. Kuyambira ndi ma update a pa 11 October 2022, ofotokozedwa mu KB5020276, Windows inakhwimitsa lamulo. Inayamba kukana kugwiritsanso ntchito akaunti yopezeka kale pokhapokha amene akulowetsayo ali yemwe anaipanga, kapena inapangidwa ndi wa m'gulu la Domain Admins. Nambala yake ndi 0xaac. Cholinga chinali kutsekereza munthu woipa amene angapangiretu akaunti ya kompyuta, n'kudikira kuti kompyuta yeniyeni ilowe m'manja mwake.

Pali njira zingapo zotulukira. Amene anapanga akauntiyo akhoza kulowetsa yekha. Kompyuta ikhoza kupatsidwa dzina latsopano. Akaunti yakale ikhoza kufufutidwa, koma izi zimafuna kusamala: makiyi a BitLocker ndi pasiwedi ya LAPS zimasungidwa pa akauntiyo, ndipo zimapita nayo limodzi. Pa ofesi imene a IT ndi ambiri, yankho lokhalitsa ndi lamulo la Group Policy limene linabwera mu March 2023, lotchedwa Domain controller: Allow computer account re-use during domain join, mmene woyang'anira amalembamo gulu la anthu odalirika amene maakaunti awo angagwiritsidwenso ntchito.

Kodi dzina la kompyuta lili ndi malamulo?

Lisapitirire zilembo 15. Windows imalola dzina lalitali, koma la NetBIOS limadulidwa pa chilembo cha 15. Makompyuta awiri otchedwa ACCOUNTS-LAPTOP-01 ndi ACCOUNTS-LAPTOP-02 onse amakhala ACCOUNTS-LAPTOP, ndipo amalimbirana akaunti imodzi: wolowa pambuyo amaika pasiwedi yake, woyamba uja n'kutayika. Zomwezi zimachitika makompyuta akakoperedwa kuchokera ku image imodzi popanda kuyendetsa sysprep /generalize. Dzina lisinthidwe kompyuta isanalowe mu domeni, iyambitsidwenso, kenaka ilowetsedwe.

Kodi pali pamene pamalembedwa chifukwa chenicheni cha kukanikako?

Pali fayilo ya C:\Windows\debug\NetSetup.log. Windows imalembamo sitepe iliyonse ya kulowa mu domeni, popanda kuiuza. Uthenga wa pa sikirini umakhala wachidule, ndipo umodzi womwewo umaimira mavuto ambiri, pamene fayiloyi imatchula DC amene anasankhidwa, dzina limene linagwiritsidwa ntchito, ndi nambala imene sitepe iliyonse inabweza. Zatsopano zimalembedwa kumapeto, choncho amaiwerenga kuchokera pansi kukwera m'mwamba, kufunafuna mzere woyamba umene sunabweze 0x0. Mizere ya pambuyo pake imangokhala zotsatira za kulephera koyambako. Nambalayo ikasinthidwa kukhala ya masiku onse, komandi ya net helpmsg imaimasulira. Net helpmsg 1355 imapereka uthenga wa domeni yosapezeka uja.

Fayilo imeneyi imanyalanyazidwa kwambiri. Anthu amathera theka la tsiku akuzimitsa firewall ndi kuyambitsanso kompyuta, yankho lili m'mizere khumi yomaliza.

Kompyuta yalowa, koma wantchito sakutha kulowamo ndi akaunti yake. Chifukwa chiyani?

Ulendo woyamba, kompyuta iyenera kufika kwa DC pa nthawi yomwe munthu akulemba pasiwedi. Pambuyo pake Windows imasunga chizindikiro cha pasiwediyo, mwachikhazikitso cha anthu 10 omaliza kulowa, n'chifukwa chake laputopu imatseguka kunyumba. Koma ulendo woyamba palibe chosungidwa. Wi-Fi imene imalumikizika munthu atalowa kale, kapena VPN yotero, imamusiya pakhomo. Kebulo ya netiweki imathetsa vutoli mu ofesi. Kwa amene ali kutali, njira imodzi ndi kulowa ndi akaunti ya pa kompyuta, kulumikiza VPN, kenaka kusankha Switch user VPN ikadali yoyaka, ngati pulogalamu ya VPN-yo imalola. Kuyambira pa Windows 7 palinso djoin.exe, imene imakonza akaunti ku likulu n'kutulutsa fayilo yolowetsera kompyuta popanda netiweki. Fayiloyo imakhala ndi pasiwedi ya kompyuta, choncho si yotumiza pa WhatsApp.

Ofesi yokhala ndi ma DC angapo m'malo osiyanasiyana ili ndi vuto lina. Akaunti ikapangidwa pa DC wa ku likulu, wa ku nthambi saidziwa mpaka atagawana nkhani, ndipo pakati pa malo awiri kugawanaku kumachitika mphindi 180 zilizonse ngati woyang'anira sanachepetse. Kudikira kumachiza, koma ngati zikubwerezabwereza, subnet ya nthambiyo iyenera kulembedwa mu Active Directory Sites and Services kuti makompyuta azisankha DC wapafupi.

Dandaulo lina la tsiku loyamba ndi loti mafayilo asowa. Sanasowe. Akaunti ya mu domeni imapatsidwa profile yatsopano, ndipo yakale ikadali mu C:\Users pansi pa dzina lakale, kudikira administrator kuti akopere zofunika.

Nanga uthenga woti "trust relationship" yalephera, pa kompyuta imene yakhala mu domeni kwa zaka?

Umatanthauza kuti pasiwedi ya kompyuta ndi imene ili mu Active Directory zasiyana. Zimachitika kompyuta ikabwezeretsedwa ku snapshot kapena backup yakale, ikamakumbukira pasiwedi imene inasinthidwa kale. Zimachitikanso wina akafufuta akauntiyo poyeretsa kaundula, kapena kompyuta ina ikalowa ndi dzina lomwelo. Kukhala m'kabati miyezi ingapo pakokha sikubweretsa vutoli, chifukwa amene amayambitsa kusintha pasiwedi ndi kompyuta, osati seva.

Ambiri amathamangira kuitulutsa mu domeni n'kuilowetsanso. Zimagwira, koma zimafuna kuyambitsanso kompyuta kawiri, ndipo zili ndi msampha: munthu akaitulutsa asakudziwa pasiwedi ya administrator wa pa kompyutayo, amadzitsekera kunja. Njira yachidule ndi kulowa ngati administrator wa pa kompyuta, polemba .\ patsogolo pa dzina, n'kuyendetsa Test-ComputerSecureChannel -Repair -Credential OFESI\dzina mu PowerShell. Reset-ComputerMachinePassword imachitanso chimodzimodzi. Ngati pasiwedi ya administrator siikudziwika, kuzula kebulo ndi kuzimitsa Wi-Fi kumachititsa kuti Windows ilandire pasiwedi yosungidwa ya munthu amene analowapo kale. Akalowa, kebulo ibwezeretsedwe. Akaunti ikakhala kuti inafufutidwa, kukonza kotere sikungagwire mpaka itabwezeretsedwa kuchokera mu Active Directory Recycle Bin, ngati inayatsidwa, kapena kompyuta italowetsedwanso.

Kodi makompyuta a Linux ndi Mac amakumana ndi mavuto omwewa?

Inde, pakuti amadalira DNS, Kerberos ndi LDAP zomwezo. Pa Linux, realm discover imaonetsa ngati domeni ikupezeka, realm join n'kulowetsa, ndipo SSSD kapena Samba ndiyo imagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pa kinit dzina la domeni limalembedwa ndi zilembo zazikulu. Pa macOS pali Directory Utility ndi komandi ya dsconfigad. Domeni yothera ndi .local imavutitsa makina onse awiriwa, chifukwa mathero amenewa amagwiritsidwanso ntchito ndi multicast DNS, ndipo mafunso ena safika kwa seva ya DNS.

Ndi liti pamene vuto limakhala pa seva osati pa kompyuta?

Kompyuta imodzi ikakana pamene inzake ya pa switch yomweyo yalowa, vuto lili pa kompyutayo. Makompyuta onse akamakana, kapena nslookup ikafunsa DNS yoyenera koma malekodi a SRV osabwera, kufufuza kusamukire ku seva. Komandi ya dcdiag /test:dns imayeza DNS ya DC, ndipo repadmin /replsummary imaonetsa ngati ma DC akugawana nkhani. Malekodi a SRV akasowa, kuyambitsanso sevisi ya Netlogon pa DC kumawalembetsanso.

DC nayenso ayenera kuloza ku DNS ya mkati. Akaloza kunja amalephera kulembetsa malekodi ake. DC wokhala ndi makadi awiri a netiweki akhoza kulengeza adiresi imene makompyuta sangaifike. Seva yakale ikazimitsidwa popanda kuichotsa mwadongosolo, dzina lake limatsala mu DNS, ndipo makompyuta amapitiriza kuiyesa. Zotsalazo zimachotsedwa ndi metadata cleanup. Komandi ya netdom query fsmo imaonetsa ma DC amene ali ndi maudindo asanu apadera. Ngati amene anali ndi umodzi mwa maudindowo, wa RID master, ndi seva yozimitsidwayo, ma DC otsala amapangabe maakaunti mpaka manambala amene anapatsidwa atatha, kenaka amakana akaunti iliyonse yatsopano, ya munthu kapena ya kompyuta, kufikira udindowo utasamutsidwira kwa DC amene akuyenda.